Usauzire

Tinachita kuikoka ndi thirakitala kuchokera ku Makwasa,
Landirova yakalekale, yobiriwira ngati tiyi wokhwima,
nkhuku zitaikira pampando wa dalaivala,
bonongwe atamera pansi pa injini.
Mwini wake, a Namakhwa, anandigwira pamkono:
"Mwana wa Mukhiwa, osasinthamo kanthu.
Nati iliyonse ibwerere pomwe inali.
Wogula wa ku Limbe akufuna zonse zoyambirira."

Lachiwiri m'mawa, chiperoni chili waa pamalata a galaja,
Layisoni anagogoda dilamu la kumbuyo ndi hamala.
Linakana, linakana, kenako linavomera.
M'kati munali fumbi lotuwa,
losalala ngati phulusa la mapesi.
Mnyamatayo anawerama, nasongola milomo,
ine gwii! kumutseka pakamwa ndi dzanja la girisi.

Anandiyang'ana ngati ndapenga.

Bambo anga ankauzira chomwecho.
Zaka makumi atatu pagalaja ya esiteti,
malole a tiyi, mathirakitala, galimoto za mabwana.
Fuu! Fumbi n'kukwera, dzuwa n'kulionetsa likuvina,
iwo n'kuseka, nsidze zili mbuu.
Gasiketi yakale ankaipala ndi mpeni wouma,
mabuleki akamalira ankawakwecha ndi sandipepa.
Loweruka amayi ankakutumula ovolosi pakhonde
ife tikudya chinangwa pomwepo.

Silinunkha ayi.
Siliyabwa, silitsokomoletsa tsiku lomwelo.
Limangokhala phee m'mapapo ngati ngongole ya katapila,
kudikira upume pantchito,
ufolere nyumba, ubzale nanazi zako.

Kuchipatala cha Thyolo anayeza makhololo katatu.
Si chifuwa chachikulu, anatero.
Azakhali anayamba kutchula mayina a anthu ansanje.
Dokotala wa ku Blantyre anaika chithunzi cha nganga panyali
nafunsa funso limodzi lokha: ankagwira ntchito yanji?
Dzinalo ndinalimva tsiku limenelo,
asibesitosi,
lalitali kuposa mpweya umene bambo anatsala nawo.
Munthu amene ankanyamula giyabokosi yekha
ankapumira kawiri panjira ya kubafa.

Ndiye iwe Layisoni, vala masiki iyi,
osati kansanza kako ka pamphuno,
iyi yothina, yosiya mzere m'masaya.
Botolo ilo, madzi ndi sopo pang'ono,
waza mpaka fumbi lisanduke matope.
Kompuresa isiye igone. Tsache likhale panja.
Pukuta ndi nsanza yonyowa, nsanzayo iponye m'jumbo,
jumboyo m'jumbo inzake, umange kolimba, ulembe.
Koti tikazitaye, kunena zoona, ndikufunsabe;
pakadali pano zikhale mumgolo wotseka, kuseri uko.
Ovolosi imatsala kuno.
Mlongo wako asadzaichape.

A Namakhwa anafika madzulo
napeza mabuleki atsopano ali pabenchi, m'kabokosi kawo.
"Nanga akale aja? Anali asanathe."
Ndinawalozera mgolo.
"Mtengo utsikatu."
"Utsike."
Anakanda kumutu, nayang'ana Layisoni
akusamba ndi sopo mpaka m'zigongono,
ndipo sananenenso.

Ndikuchotsa mpando tsiku lotsatira
ndinapeza kadi ya esiteti, theka itadyedwa ndi makoswe.
Ogasiti 1979. Mabuleki ayeretsedwa.
Pansi pake M wopendekera uja,
yemwe ankasainira malipoti anga a kusukulu.
Ndinakhala pansi pamatayala.
Choncho dilamu lomweli analitsegulapo,
anawerama pomwe anawerama Layisoni.

Lachisanu inalira.
Inayamba yatsokomola kaye, ngati nkhalamba podzuka,
kenako tinaitsetsereka nayo msewu wa ku Luchenza,
zitseko zikugwedera, ana akutithamangira.
Pamalo owolokera njanji ndinaponda buleki.
Inaima bwinobwino, osalira n'komwe.
Layisoni anatulutsa mutu pawindo nakuwa,
mfuu wautali, wosadukiza, wa chifuwa chonse,
ndipo ine ndinangomvetsera
kutalika kwake.